NZERU YA KU GULUPU IFIKE MSANGA KWATHU KUNO

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Nkando, mwezi uno tayamba taika pambali nkhani za feteleza ndi milatho, kuti tinene za munthu wochepetsetsa m'mudzi, ndiye mwana wobadwa masiku asanakwane.

Lipoti la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa vuto limeneli: mwa ana 100 obadwa, 18 anali osakwana masiku. Mwana wotere alibe mafuta m'thupi, ndipo azizidwa msanga. Ife a kunsi kwa phiri tidziwa chimene chiperoni chichita mu June ngakhale kwa munthu wamkulu wofunda bulangete. Nanga kakhanda kolemera ngati paketi ya shuga?

Mankhwala ake alipo, ndipo sagulidwa m'sitolo. M'chaka cha 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, Dr Edgar Rey anaona kuti mabokosi otenthetsera ana achepa, makanda alikugonekedwa mothithikana ndi kupatsirana matenda. Chotero anayamba kuika khanda pachifuwa pa mai wake, khungu kukhudza khungu, nalimanga ndi nsalu kuti liziyamwa pomwepo. Ndiyo njira imene anamwino aitcha kangaru. Kuno inakhazikika pa chipatala cha Zomba mu 1999, ndipo Boma linalemba malangizo ake mu 2005.

Koma chizolowezi chinali chakuti mwana ayambe walimba m'bokosi, pambuyo pake apite pachifuwa. Ambiri anali kumwalira akudikira kulimbako. Madokotala sanangokangana pakamwa ai, anayesa. Zipatala zisanu, za ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi Gulupu wathu yemweyu wa ku Blantyre, zinatenga ana 3,211 olemera kuyambira kilogalamu 1 osafika 1.8, ena kuwadikiritsa, ena kuwaika pachifuwa atangobadwa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Mwa ana 100 odikira, pafupifupi 16 anamwalira mwezi usanathe. Mwa 100 oikidwa pachifuwa msanga, 12. Kuyesako anakuimitsa nthawi yake isanakwane, pakuti phindu linali litaoneka kale. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza maiko onse kuti kangaru ayambe mwana akangobadwa, ndipo akhale pachifuwa maola 8 kufikira 24 pa tsiku.

Tsono tamverani. Kuchoka ku Limbe kufika pa Nkando ndi minibasi imodzi pa msewu wa Midima. Nyimbo yatsopano ifika tsiku lomwelo. Kodi nzeru yopulumutsa ana athu, imene amai a Chimalawi anathandiza kuitsimikiza ndi zifuwa zao, ndiyo izibwera chokwawa?

Sitikuloza chala anamwino. Ife aphunzitsi tidziwa kuti silabasi ikasindikizidwa ku Domasi sindiye kuti yalowa m'kalasi; pafunika choko, buku ndi munthu wodzaona ngati ziri kuphunzitsidwadi. Kuchipatala n'chimodzimodzi. Namwino wotsala yekha usiku, kwina mai alikubereka, kwina mwana wakomoka ndi malungo, sangasinthe kagwiridwe ka ntchito chifukwa cha pepala lomatidwa pakhoma, kapena msonkhano wa masiku atatu ku hotela. Njira yatsopanoyi ifuna bedi la mai pafupi ndi mwana wodwalayo, osati mai uku mwana uko. Ifuna sikelo yoona, yoyesera mwana tsiku ndi tsiku, ndi chakudya cha mai woyamwitsa. Ndipo mwana akatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Boma, ayende ali pachifuwa, pakuti ambiri azizidwira panjira. Izi ndizo tidzafunsa kwa a komiti ya chipatala, kwa makhansala ndi kwa phungu wathu, ndipo tidzafuna mayankho a manambala: mabedi angati, anamwino angati ophunzitsidwa pa wodi pomwepo, ana angati amene abwerera kusikelo atatulutsidwa.

Koma mlandu wina ngwathu. Mai wina wa m'midzi yathu ino anatuluka m'chipatala mwana ali pachifuwa monga anauzidwira. Pachitsime anamuseka, ati mwana aberekedwa kumsana, uyu wabisa chiani m'malayamo? Kunyumba nkhuni ndi madzi zinali kumudikira iye yemwe. Sabata isanathe anamasula chitenje. Amene anaseka ndi anthu athu, ena a iwo ali ndi makadi a nthambi ino m'thumba.

Chifuwa cha bambo n'chofunda ngati cha mai, cha agogo chimodzimodzi. Kulandirana mwana maola awiri kuti mai asambe ndi kugona sikuchotsa ulemu wa mwamuna. Tipempha mafumu athu anene mau amenewa pabwalo ndi pamaliro, ndipo alangizi a zaumoyo adziwitsidwe tsiku lomwe mwana wotere wafika m'mudzi, asadikire kuti atuluke m'chikuta.

Amai a nthambi avomera kusonkha zitenje ndi kuluka tizipewa taubweya. Amene ali nazo abwere nazo ku msonkhano wa Loweruka masana, ndipo abambo asatumize akazi ao okha.