Timizere ta Wi-Fi tadzaza, koma intaneti palibe

Foni ikamaonetsa timizere tonse ta Wi-Fi koma uthenga wa pa WhatsApp osapita, ambirife timathamangira kunena kuti netiweki yavuta, ena mpaka kuimbira kampani mokalipa. Komatu timizereto timangosonyeza kuti foni ndi rauta zikumvana. Zoti rautayo ikulandira intaneti kuchokera kunja ndi nkhani ina.

Yambani mwapeza pamene padukira. Lumikizani laputopu ku rauta ndi kebulo, Wi-Fi yake muzimitse. Masamba a pa intaneti akatseguka, vuto lili m'nyumba mwanu momwemo. Akakana, onani kaye ngati bandulo sinathe, kenako lowani mu rautayo muone zomwe ikunena. Marauta ambiri amapezeka pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pomwe a Huawei olowa simu khadi kawirikawiri amakhala pa 192.168.8.1.

Chosautsa kwambiri chimabwera mukawonjezera access point kuti Wi-Fi ifike kuchipinda chakutali kapena kunyumba yakuseri. Ambiri amatenga rauta yakale n'kungoilumikiza osasintha kanthu. Rauta iliyonse imabwera ndi DHCP, yomwe ntchito yake ndi kugawira chipangizo chilichonse adiresi ndi kuchilozera njira yotulukira kunja. Marauta awiri akamagawa onse, foni imamvera amene wayankha msanga, ndipo ikamvera wachiwiriyo imalozeredwa njira yosapita kulikonse. N'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati lamatsenga: lero foni ya bambo ikugwira ya mwana ikukana, mawa zasinthana. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Zimitsani DHCP pa rauta yachiwiriyo, muipatse adiresi yosafanana ndi ya rauta yaikulu, ndipo kebulo muilowetse pa kabowo kolembedwa LAN, osati WAN. Marauta ambiri atsopano, monga a TP-Link, ali ndi posankha Access Point mode, pomwe pamakuchitirani zonsezi.

Laputopu ikaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti inapempha adiresi koma palibe anayankha. Apa kayikirani kebulo. Muli timawaya 8, ndipo kamodzi kakaduka liwiro limatha kutsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 100 Mbps, mwinanso kulumikizana kufa kumene. Kebuloyo isapitirirenso mamita 100. Adiresi ya 169.254 ikaoneka magetsi atangoyaka, zimitsani zonse, muyatse rauta yaikulu, mudikire mpaka nyali zake zikhazikike, kenako access point.

Zikakhala kuti intaneti ilipo koma ikukwawa, yang'anani makoma. Njerwa zootcha ndi konkire zimafooketsa kwambiri Wi-Fi ya 5 GHz, yomwe ndi yothamanga koma sipita patali, pomwe ya 2.4 GHz imadutsako bwino, kungoti ndi yodzaza, chifukwa marauta a anansi ndi mayikulowevu omwe amasokoneza pomwepo. Pa 2.4 GHz matchanelo osalowererana ndi 1, 6 ndi 11, choncho rauta ikakhala pa 1, access point muiike pa 6 kapena 11. Rauta yobisidwa m'kabati kuseri kwa TV poopa kuti ionongetsa maonekedwe a pabalaza, musayembekezere zambiri kwa iyo.

Kabatani ka reset musakathamangire. Kuzimitsa ndi kuyatsa sikuononga kanthu, koma kabatanika kamafufuta dzina la Wi-Fi, pasiwedi ndi zonse zomwe anakuikirani tsiku lolumikiza, n'kuyatsanso DHCP yomwe munavutika kuzimitsa. Musanakabaye, jambulani kaye masamba onse a zoikamo pa foni.