Kalumo ka mlendo, mutu wa namfedwa

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, adatero akale, ndipo ku Gibellina, pachilumba cha Sicily ku Italy, mwambiwu udapherezera. Chivomezi cha mu Januwale 1968 chidasandutsa tauniyi bwinja, n'kupha anthu oposa 200 m'chigwa cha Belice. Otsala adawamangira tauni yatsopano kwina. Meya Ludovico Corrao ataitana mmisiri wa zaluso Alberto Burri, wochokera ku Umbria, kuti akongoletse tauni yatsopanoyo, iye mtima wake udakakamira kubwinja.

Zomwe adachita n'zodabwitsa. Adaunjika zigumugumu za nyumba n'kuzivundikira ndi simenti yoyera, malo okwana mahekitala pafupifupi 8, m'zigawo zazitali ngati msinkhu wa munthu. Mipata yapakati imatsata misewu yakale, moti mumayenda mmene ankayendera eni ake popita kutchalitchi. Ndalama zitatha ntchitoyi idaima mu 1989, ndipo idamalizidwa mu 2015, Burri atamwalira kale. Lero amaitchula kuti Cretto, ndipo alendo amabwera kuchokera kutali kudzaiona.

Kalumoko kadathwadi, sindikutsutsa. Koma pometa maliro, wometa amayamba wafunsa mwini mutu. Ena mwa anthu a ku Gibellina adadandaula kuti kwawo kwakwiriridwa kachiwiri. Gogo wofuna kulozera mdzukulu khomo lomwe adabadwira amaloza simenti yosasiyana ndi ya mnansi wake, yopanda dzina, yopanda ngakhale chizindikiro cha pomwe padali mafuwa.

Ku Tangshan ku China, komwe chivomezi cha 1976 chidapha anthu oposa 240,000, adamanga makoma amiyala yakuda n'kulembapo mayina. Akatswiri a zomangamanga sangawatame ngati Cretto, komabe achibale amapita kukafufuza dzina la mayi awo, n'kuika maluwa pansi pake.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi okonda zojambula zokongola papepala. Mmisiri amaganizira mmene chipilala chidzaonekere kwa wojambula ali m'mwamba. Namfedwa amafuna podzagwada ndi podzakhudza ndi dzanja. Wopatsidwa ntchito yotere ayambe wakhala pansi ndi otsala, aliyense atchule omwe adataya ndi pomwe adagona usiku umenewo, asanatole pensulo. Burri akadatero, mwina simenti ija ikadasiya poonekera khomo limodzi kapena awiri.