Mpira Sunapunduke, Anaupundula

Pali bodza limene lakhazikika pakati pa okonda masewera a pakompyuta, loti trackball ndi chida cha madoda a muofesi amene manja ayamba kuwawawa, ndipo wofuna kupambana masewera angogula mausi basi. Ine ndine mmodzi wa madoda a muofesiwo, ndimagwira ntchito m'boma, ndipo bodza limeneli ndikulikana kwa mtuwagalu.

Kwa inu amene simunachione chidachi, chili ngati mausi yogona chagada. Icho sichisuntha patebulo. Chozungulira ndi mpira umene uli pamwamba pake, ndipo kamuvi ka pasikirini kamatsata mpirawo. Nchakale kuposa mausi. Ralph Benjamin anachikonza ku Britain mu 1946 pofuna kuthandiza asilikali a panyanja pa ntchito ya radar. Chitalowa m'nyumba zamasewera chinatchuka zedi: Missile Command ya 1980, Centipede ya 1981 ndi Marble Madness ya 1984, onsewa a Atari, ankaseweredwa ndi mpira, ndipo ankafuna liwiro ndi kulunjika komwe. Nanga mpira womwewo unapunduka liti?

Anaupundula ndi oupanga. Mausi yamasewera imauza kompyuta za kayendedwe kake ka 1000 pa sekondi imodzi. Trackball yotchuka ngati M570, imene Logitech inatulutsa mu 2010, imatero ka 125 kokha. Ndiye kuti iwe ukudikira mamilisekondi 8 pamene mnzako akudikira imodzi. Polemba kalata yopita kwa bwana palibe angazindikire kusiyanako, koma mdani akatulukira pakona m'masewera owomberana, dzanja limadziwa. Kumeneku ndi kumanga mbuzi miyendo kenaka n'kumalengeza pamsika kuti mbuzi sizitha kuthamanga. Amapanga chida chofooka, osewera n'kuchikana, iwo n'kumati onani, palibe wochifuna.

Atandipatsa mpata wokonza trackball yamasewera, sindingayambire pa timagetsi tamitundumitundu timene makampani amanyengera nato achinyamata. Ndingayambire pansi pa mpira, pamene maso saona. M'zida zambiri mpirawo umakhala pa tinjere titatu tolimba tosazungulira, ndipo umangotsetsereka pa ito. Ukauzunguza mwamphamvu umayenda bwino. Vuto limadza ukafuna kusuntha kamuvi pang'ono chabe, kuti kafike pamutu pa mdani amene ali patali. Mpira umayamba wakakamira; ukawonjezera mphamvu umadumpha n'kupitirira pamene umafuna. Thukuta ndi fumbi zikaunjikana pa tinjereto, kukakamirako kumakula. Sensa ngakhale ikhale yapamwamba chotani, singakonze zimenezi, pakuti imangonena zimene mpira wachita. Mankhwala ake ndi timawilo tachitsulo tozungulira pamodzi ndi mpira. Timachita kaphokoso, nzoona, koma wosewera amene wavala zomvera m'makutu kaphokoso kamuvuta chiyani?

Mpirawo ukhale waukulu ndipo uziyendetsedwa ndi zala, osati chala chachikulu chokha. Wa M570 ndi wa mamilimita 34. Wa Kensington Expert Mouse ndi wa mamilimita 55. Pampira waukulu, chala cha mkombaphala ndi chapakati zimalandizana ntchito, china chikukankha china chikuimitsa, ndipo kulemera kwake kumathandiza kuti ukauponya kamodzi utembenuke msanga kuyang'ana kumbuyo. Batani lowombera likhale pansi pa chala chachikulu, kuti chala cholunjika chisakhalenso chodina. Apo ayi, nthawi iliyonse ukawombera mpira umagwedezeka. Za batire sindikuzifuna. Chida chimene sichisuntha patebulo, waya angachisokoneze bwanji?

Ena anganene kuti akatswiri opikisana pa ndalama zankhaninkhani amagwiritsa ntchito mausi. Sindikutsutsa. Ndikuvomeranso kuti kutsata mdani wothamanga ndi mkono wonse nkosavuta kusiyana ndi kumutsata ndi nsonga za zala. Koma akatswiriwo anakula ndi mausi m'manja, mausi imene makampani akhala akuinola zaka zambirimbiri pamene mpira anautaya kukhonde. Komanso si tonse tikupita ku mpikisano. Ambirife tili ndi katebulo kopanikiza, ndipo mausi yamasewera imafuna bwalo. Ukafika kumapeto uinyamule, uibweze pakati. Mpira ulibe mapeto.

Chondipweteka kwambiri ndi kutayitsa. Batani limodzi likafa, chida chonse chipite kudzala, chifukwa kuchitsegula nkovuta ndipo sanachikonze kuti mwini wake azisinthamo kanthu. Microsoft itasiya kupanga Trackball Explorer, anthu oikonda anayamba kulimbirana zakale pamtengo woposa umene zinali nawo zili zatsopano. Uwu sunali umboni wokwanira kuti ogula alipo?

Amene anamva ndi ang'onoang'ono. Ploopy, kakampani ka ku Canada, kanapanga trackball yotengera maonekedwe a Explorer ija, yokhala ndi timawilo tozungulira, sensa ya mausi yamasewera ndi liwiro la ka 1000 pa sekondi. Mapulani ake anawaika poyera pa intaneti, kuti aliyense wokhala ndi makina osindikiza zinthu a 3D adzipangire yekha kapena asinthe chimene chathyoka. Ngati kagulu ka anthu ochepa kanakwanitsa, Logitech ndi Kensington atiuze chimene chinawakanika.