Mwini Nkhani ya Malonda ndi Wogula

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Fomu 4 nayamba kageni kake amathamangira kulemba chikwangwani. Pamenepo amaikapo dzina lake, mfunda wake, ndi mau akuti katundu wake aposa wa wina aliyense. Ife tikuti chikwangwani chotere chimakondweretsa mwini sitolo yekha. Munthu wodutsa pamseu ali ndi zake zimene zikumudya mumtima, ndipo saima pokhapokha atamva kuti zimene zikunenedwazo ndi za iyeyo.

Taonani zimene zinachitika ku Kenya. M'chaka cha 2005 makampani a Vodafone ndi Safaricom anayesa, m'tauni ya Thika, njira yakuti anthu okongola ndalama ku bungwe la Faulu azibweza ngongole zawo pa foni ya m'manja. Akatswiri anali atakonza zonse ndi cholinga chimenecho basi. Koma poŵerengera m'mene ndalama zinali kuyendera, anapeza zachilendo. Anthu anali kutumizirana ndalama okhaokha. Ena anali kulipira nazo katundu. Ena anali kuzisungitsa m'foni usiku kapena paulendo poopa akuba.

Akanakhala ena, bwenzi atawadzudzula anthuwo kuti sakutsata malangizo. Koma eni ntchitoyi anazindikira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu ambiri ogwira ntchito ku Nairobi anali ndi makolo, akazi ndi ana kumudzi, ndipo ndalama ankazipatsira kwa woyendetsa basi kapena kwa mnzawo wopita kwawo, osadziŵa ngati zikafika zonse. Vuto limeneli ife a ku Malaŵi sitichita kulimva kwa ena.

Motero pamene M-Pesa inayamba m'mwezi wa Malichi 2007, uthenga wake unali waufupi, wongoti munthu atumize ndalama kumudzi. Pa kanema anaonetsa mnyamata wa m'tauni akudina foni yake, ndalama za mapepala zikuuluka mpaka kukafika kwa makolo ake kumudzi. Sanataye nthaŵi kufotokoza za makina, ngakhale kutamanda nzeru za akatswiri awo. Mwini nkhani anali mwana amene akufuna kuthandiza makolo ake; kampani inali ngati wamtengatenga chabe. Chaka chisanathe, anthu oposa 1 miliyoni anali atalembetsa. Kuno kwathu njira yotereyi inafika ndi Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi Mpamba wa TNM m'chaka cha 2013, ndipo dzina lachiŵirili linatengedwa pakamwa pa anthu a geni eniakewo.

Tsono pali chimene sitingachibise. Nkhani yokhudza mtima wa wogula ili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo imatha kupha. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 makampani a mkaka wa m'chitini ankauza amayi a mu Africa ndi maiko ena osauka kuti mayi wokonda mwana wake amamwetsa mwanayo mkaka wa m'botolo. Ena ankatuma akazi ovala ngati anamwino kukatsatsa mkakawo. Apanso mwini nkhani anali wogula, mayi wachikondi. Koma m'nyumba zambiri madzi sanali aukhondo, ndipo pofuna kuti chitini chikhalitse amayi ankachulukitsa madzi. Ana anatsekula m'mimba, ananyentchera, ambiri anamwalira. Bungwe la War on Want la ku Britain linaulula zimenezi m'chaka cha 1974. M'chaka cha 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé. Ndipo m'chaka cha 1981 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linakhazikitsa malamulo a katsatsidwe ka mkaka wa ana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusiyana kwa nkhani ziŵirizi sikuli pa luso la wolemba, pakuti zonse zinalembedwa mwaluso. A ku Kenya anapeza nkhani yawo m'zochita za anthu, ndipo katundu wawo anachotsadi vuto limene linalipo kale. A mkaka anapeka nkhaŵa imene mayi analibe, kenaka namugulitsa mankhwala ake.

N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi anzathu, makamaka a Chicheŵa ndi a maphunziro a zamalonda, kuti asamalekere nkhaniyi m'buku. Ophunzira apite kumsika akafunse mayi wogula tomato chimene amabwerera kwa wogulitsa yemweyo tsiku ndi tsiku, pamene tomato ndi wofanana pa mabenchi onse. Mwina ndi basela, mwina ndi ngongole ya pakati pa mwezi, mwina n'chifukwa chakuti wogulitsayo samuikira wovunda pansi pa mulu. Akabwerako alembe uthenga wa malonda wa mizere itatu, ndipo mphunzitsi afafanize mzere uliwonse umene mayi uja sanganene yekha.