ZA CHUMA M'BANJA: Kodi penshoni ya malemu tigulire golide?

Funso la ulendo uno lachokera kwa abale athu a ku Chongoni m'boma la Dedza. Bambo amene adagwira ntchito zaka zambiri wamwalira, ndalama za penshoni yake zatuluka, ndipo achibale akuti zigulidwe golide kuti zisathe mphamvu. Kodi nzeru imeneyi njabwino?

Nkhawa yawo njomveka. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene adasunga ndalama m'chikwama adadzuka m'mawa theka la thumba la feteleza litawathawa. Golide satero, pakuti mtengo wake umatsata dola. Komanso alibe katapira. Koma banja lisanathamange, liganizire zinthu zinayi.

Choyamba, gawani kaye. Mutabweza ngongole za malemu ndi kukwaniritsa wasiya wake, mkazi wamasiye ndi mwana aliyense adziwe gawo lake monga Surat An-Nisa ikulongosolera. Ngati bungwe la penshoni lili ndi chikalata cha maina amene malemu adasankha, khalani pansi ndi a Shehe kuti mumvane. Ndalama zimagawika mpaka tambala, koma chibangili chimodzi sichigawika kwa ana asanu popanda mkangano.

Chachiwiri ndi lamulo la boma. Msewu wa M1 ku Dedza umayenda m'malire ndi Mozambique, ndipo wina angakutsatseni golide wa m'kabotolo pamtengo wozizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwina ndi mkuwa chabe. Ngakhale akhale weniweni, kugula ndi kugulitsa golide wosasula kumafuna chiphaso cha boma. Mu 2021 Reserve Bank idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund pofuna kuti asamatuluke m'dziko mozemba. Gulani kwa wamalonda wovomerezeka, ayese sikelo inu mukuona, akupatseni lisiti. Ndipo Shariya imafuna kuti golide ndi ndalama zisinthane manja pompopompo, osati pangongole.

Chachitatu ndi msonkho. M'Malawi muli msonkho wa pa chuma cha masiye, ndiponso phindu lopezeka pogulitsa katundu likhoza kudulidwa msonkho. Golide wochokera kunja ayenera kuonetsedwa pachipata. Pitani ku MRA musanagule, osati mutagula kale. Safunsa adadya phula. Lisiti lija lisungeni bwino, pakuti ndilo lidzasonyeza mtengo umene mudagulira.

Chachinayi, chimene ambiri amachiiwala, ndi zakaat. Golide wokwana magalamu 85 akakhala chaka chathunthu cha Chisilamu, amaperekedwa 2.5 peresenti. Kwa ife otsata Imam Shafi'i, chuma cha mwana wamasiye nacho chimaperekedwa zakaat, ndipo woyang'anira mwanayo ndiye amatulutsa. Tiwerengere pamodzi. Wosunga magalamu 100 apereka magalamu 2.5 chaka choyamba. Akamadula zakaat pa golide yemweyo, pakutha pa zaka 7 atsala ndi magalamu osakwana 84. Golide sabereka ngati mbuzi, sabala ngati munda wa mbatata. Nchifukwa chake Khalifa Umar adalangiza oyang'anira ana amasiye kuchita malonda ndi chuma chawo kuti zakaat isachimalize.

Tsono langizo lathu nali. Gawo la mwana limene lidzafunika patapita zaka zambiri likhoza kusungidwa mu golide, lolembedwa m'dzina lake pamaso pa mboni ziwiri. Koma ndalama za fizi, mankhwala ndi chakudya zikhale pafupi, ndipo gawo lina ligwire ntchito m'munda kapena m'malonda. Mayi wamasiye asaumirizidwe ndi alamu ake. Gawo lake ndi lake, anene yekha.

Allah awakhululukire amene adatitsogolera, ndipo atipatse mantha pa chuma cha ana amasiye. Ameen.