Softball ya atsikana ku America: malo a mpikisano ndiwo amayamba kusankha ana osewera

Mu Ogasiti 2024 atsikana a m'boma la Pitt County, m'chigawo cha North Carolina ku America, anatenga chikho cha mpikisano waukulu wa ana wa softball wotchedwa Little League Softball World Series. Anagonjetsa anzawo a ku Louisiana 1 kwa 0. Bwalo limene anapambanirapo lili mu mzinda wa Greenville, m'boma lawo lomwelo. Anzawo ena anachita kuwoloka nyanja, pamene iwo anangotuluka pakhomo. Ana aja anasewera bwino ndithu, palibe wotsutsa. Koma kupambana kwawo kukukumbutsa funso limene limavuta akuluakulu a masewera kulikonse: kodi mpikisano wa ana a dziko lonse uzichitikira kuti, ndipo uziyenda motani?

Ambiri m'maboma a m'malire sanaonepo masewera amenewa, choncho ndi bwino kuyamba ndi kuwafotokoza. Softball inayambira mu mzinda wa Chicago mu 1887, ndipo ndi mphwake wa baseball. Imafananako ndi maraundasi amene ana amasewera pa bwalo la sukulu. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Wina amaponya mpira, dzanja likuchokera m'munsi, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Akabwerera pamene anayambira asanam'tulutse, ndiye kuti wagoletsa. Pakati pa ngodya ndi ngodya pali mamita pafupifupi 18. Dzina la masewerawa likutanthauza mpira wofewa, koma mpirawo ndi wolimba, ndipo ndi waukulu kuposa lalanje. Ku America masewerawa ndi a atsikana makamaka.

Malo amodzi chaka ndi chaka

Bungwe la Little League linayambitsa mpikisano umenewu mu 1974. Zaka zoyamba unali kusuntha malo. Kenaka unakhazikika ku Kalamazoo, ku Michigan, mpaka 1993. Kuyambira 1994 mpaka 2019 unali kuchitikira ku Portland, m'chigawo cha Oregon, pa bwalo la kampani ya mkaka ya Alpenrose. Mu 2019 bizinesi ya mkakayo inagulitsidwa, eni ake atasiyana maganizo mpaka kukafika ku khoti. Mu 2020 kunalibe mpikisano chifukwa cha mliri wa Covid-19. Utayambiranso mu 2021 unali utasamukira ku Greenville, tsidya lina la dziko, mtunda wa makilomita oposa 4,000 pa msewu. Mu 2025 unachitikiranso komweko.

Ubwino wa malo amodzi ndi woonekeratu. Bwalo limakonzedwa chaka ndi chaka. Anthu ongodzipereka, ophika, olandira alendo, oyendetsa magalimoto, amaidziwa ntchito yawo ngati mmene mlimi amadziwira munda wake. A wailesi ya kanema ya ESPN amadziwa poika makina awo. Mwana amene akuphunzira kumenya mpira amakula akudziwa dzina la mzinda umene akufuna kudzafikako.

Koma nkhani ya ku Portland ikuonetsa mbali ina. Mpikisano unakhala zaka 26 pa malo a mwini. Nyumba yomanga pa munda wobwereka imayima pa mtima wa mwini munda. Nyengo nayo sisankha. Greenville ili kufupi ndi nyanja ya Atlantic, ndipo Ogasiti ndi mwezi wotentha ndi wa mphepo zamkuntho. Mu 2024 momwemo namondwe wotchedwa Debby anasokoneza ndandanda ya masewera. Malo akakhala amodzi, vuto la nyengo ya kumeneko limabweranso chaka chilichonse.

Palinso mwambo wopatsa eni bwalo mpando. Kuyambira 2022 matimu ndi 12: matimu 8 a ku America ndi 4 a kunja. Mwa 8 aja, 7 amachokera ku zigawo zazikulu za dziko, kumene timu imayenera kugonjetsa akatswiri a zigawo zing'onozing'ono zingapo isanafike ku Greenville. Mpando wachisanu ndi chitatu ndi wa North Carolina yekha. Chifukwa chake n'chomveka: eni mudzi akakhala ndi ana awo m'bwalo amabwera ambiri kudzaonerera, ndipo amagwira ntchito ndi mtima wonse. Koma kunena zoona, njira ya mwana wa ku North Carolina ndi yaifupi kuposa ya mwana wa ku Texas.

Chimene chimachepetsa kukondera kumeneku ndi ndalama. Timu ikapambana m'chigawo chake, bungwe la Little League ndilo limalipira ulendo, pogona ndi chakudya cha osewera ndi aphunzitsi awo. Mtunda ukhoza kukhala wautali, koma sugwera m'thumba la makolo a mwanayo.

Kumene kholo limalipira lokha

Mipikisano ina ya dziko lonse simayenda choncho. Bungwe lalikulu la masewerawa, USA Softball, linakhazikitsidwa mu 1933 ndipo likulu lake lili ku Oklahoma City. Limagawa ana m'magulu a zaka 10, 12, 14, 16 ndi 18, ndipo mipikisano yake imazungulira. Mizinda imapempha, imasonyeza mabwalo ndi mahotela amene ili nawo, ndipo msonkhano wa bungwe umasankha nthawi ikadalipo. Bungwe lina, Premier Girls Fastpitch, limene linayamba mu 2009, limachititsa mpikisano wake waukulu kum'mwera kwa California, cha ku Huntington Beach, chaka ndi chaka.

M'mipikisano yotere timu imalipira polowa, ndipo banja limadzilipirira ulendo ndi hotela kwa sabata yathunthu. M'malo ambiri muli lamulo lakuti timu igone m'mahotela okhawo amene okonza mpikisano agwirizana nawo. Yokana siisewera. Apa ndi pamene pali chinsinsi cha mizinda yolimbirana mipikisano ya ana. Mzinda sukufuna chikho. Ukufuna makolo mazanamazana ogona, kudya ndi kugula mafuta. Tsono posankha malo, funso loyamba limakhala kuchuluka kwa zipinda za hotela, ndipo funso la mwana wa mmphawi limabwera pambuyo.

Nanga makolo amalipiriranji zonsezi? Chifukwa aphunzitsi a matimu a mayunivesite amabwera kudzasankha atsikana kumeneko. Lamulo la 1972 lotchedwa Title IX linaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala atsikana, ndipo kuchokera pamenepo mayunivesite anatsegula mipata yambiri yoti mtsikana waluso aphunzire mothandizidwa. Aphunzitsi aja sangathe kuyenda dziko lonse. Amapita kumene matimu amphamvu asonkhana. Mtsikana amene makolo ake alephera kugula tikiti saonedwa, ngakhale akhale waluso chotani. Wagonja asanagwire chibonga.

Kayendetsedwe ka masewera

Funso lachiwiri ndi la kayendetsedwe, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti pali matimu 16. Ngati wogonja kamodzi atuluka, masewera onse ndi 15, ndipo matimu 8 amabwerera kwawo atasewera kamodzi kokha. Ngati timu ituluka itagonja kawiri, masewera amakhala 30 kapena 31, ndipo aliyense amasewera kosachepera kawiri. Ngati matimu agawidwa m'magulu anayi a matimu anayi, gawo loyamba lili ndi masewera 24, ndipo timu iliyonse imasewera katatu. Ngati aliyense akumana ndi aliyense, masewera amafika 120. Masewera akachuluka, masiku amachuluka, chakudya chimachuluka, mabwalo amafunika ambiri.

Ku America anakonda njira ya kugonja kawiri. Chifukwa chake chili m'masewera eni ake. Mu softball woponya mpira mmodzi waluso akhoza kutseka timu yonse tsiku limodzi, ndipo chigoli chimodzi chimatha nkhani, monga zinachitikira mu 2024. Timu yabwino ikhoza kugwa pa tsiku loipa. Kuipatsa mwayi wachiwiri ndiko kufuna kuti chikho chipite kwa wodziwa, osati kwa wamwayi. M'mipikisano yolipira ija amayamba ndi magulu kenaka n'kulowa njira ya kugonja kawiri. Kholo limene lalipira ndege silingalole kuti mwana wake asewere kamodzi basi. Kuti masewera onsewo akwane, ambiri amaikidwa malire a nthawi, ndipo timu imene yagonja msanga imatha kusewera kangapo tsiku limodzi pa dzuwa.

A Little League nawo anasintha. Kale matimu 10 anali kugawidwa m'magulu awiri a matimu asanu. Mu 2022 analowa njira ya kugonja kawiri, koma yosinthidwa pang'ono: masewera otsiriza ndi amodzi okha, wogonja wagonja. Izi zimakomera a kanema, amene amafuna kudziwiratu tsiku ndi ola la chikho. Koma zikutanthauza kuti timu imene sinagonjepo chiyambire ikhoza kuluza chikho kwa timu imene inagwapo kale. Mwayi wachiwiri ulipo kwa onse kupatula amene anayenda bwino kwambiri.

Mpando wa Africa

Pa mipando inayi ya kunja, umodzi ndi wa Canada, wina wa Latin America, wina wa Asia ndi Pacific. Wotsala ndi wa Ulaya ndi Africa pamodzi. Mpikisano wosankha woimira chigawo chimenechi umachitikira ku Ulaya. Timu ya ku Italy imakwera basi kapena ndege ya maola ochepa. Timu ya ku Africa imafunika ndege ya mtunda wautali, mapasipoti ndi viza, isanaponye mpira ngakhale umodzi. N'zosadabwitsa kuti m'zaka za posachedwa mpandowu watengedwa ndi matimu a ku Italy ndi Czech Republic.

Uganda ndiyo inaboola mpanda umenewu. Mu 2015 atsikana a kumeneko anafika ku Portland. Koma anyamata a baseball a dziko lomwelo, amene anapambana m'chigawo mu 2011, sanapite ku America. Anakanizidwa viza chifukwa mapepala a zaka zawo zobadwa sanali kugwirizana. Timu ina ya ku Uganda inadzapita mu 2012. Mpikisano wa ana umayima pa zaka, ndipo zaka zimayima pa pepala.

Ngakhale akuluakulu a Olympic akumana ndi funso lomweli. Softball inali pa Olympic kuyambira 1996 mpaka 2008, inabwerera ku Tokyo mu 2021, ndipo ku Paris mu 2024 kunalibe. Idzabweranso mu 2028. Masewera a chaka chimenecho ndi a Los Angeles, koma softball idzaseweredwa ku Oklahoma City, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, kumene kuli kale bwalo la anthu 13,000. Anaona kuti kutumiza osewera kutali n'kotchipa kusiyana ndi kumanga bwalo latsopano.

Nanga kuno?

Softball sinazike mizu m'chigawo cha Tete, koma funso la malo ndi kayendetsedwe si lachilendo. Moçambique ali ndi chikondwerero cha masewera a sukulu, Jogos Desportivos Escolares, ndipo anasankha njira yozungulira. Mu 2013 chinachitikira ku Tete, mu 2015 ku Cabo Delgado, mu 2017 ku Gaza, mu 2019 ku Manica. M'dziko lalitali chonchi, limene kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500 pa msewu, kuzungulira n'kwanzeru. Mtunda umagawidwa, chaka china ukhala wa uyu, chaka china wa uyo. Chigawo cholandira alendo chimakonzeredwa mabwalo ndi malo ogona. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti bwalo lokonzedwera sabata ziwiri limafuna wolisamala alendo akapita.

Komabe kwa mwana wa ku Tsangano, Macanga, Chifunde kapena Angónia, mpikisano wa dziko lonse suyambira ku Pemba kapena ku Xai-Xai. Umayambira pa sukulu, n'kupita ku ZIP, ku boma, kenaka ku chigawo. Kuchokera ku Ulónguè kukafika mu mzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo kuchokera m'midzi ina kukafika pa likulu la boma ndi ulendo wa tsiku pa njinga kapena pansi. Zimene zikuvuta makolo a ku America pa ndege ndi hotela zikhoza kuchitika pano pa ndalama ya chapa ndi thumba la ufa. Ngati masewera a boma aikidwa pa likulu chaka chilichonse, sukulu za pafupi ndi msewu zili ngati North Carolina. Ngati achitika tsiku limodzi mwa njira ya wogonja atuluke, theka la sukulu lidzayenda mtunda wonsewo kukasewera kamodzi. Magulu a matimu anayi amafuna tsiku lina loonjezera ndi chakudya cha usiku umodzi, koma mwana aliyense amasewera katatu, ndipo wosankha timu ya boma amakhala ndi nthawi yomuona.

Izi ndi zinthu zimene makhonsolo a sukulu, mafumu ndi makolo angathe kufunsa kwa aphunzitsi a masewera ndi a ofesi ya maphunzilo ya boma ndandanda isanatuluke: masewera adzachitikira kuti, adzalipira ulendo ndani, timu iliyonse idzasewera kangati. Ndandanda ikatuluka, nthawi yofunsa yatha. Ndipo m'midzi ya m'malire, kumene ana ena anabadwira tsidya la Malawi kapena Zambia, kholo lione msanga ngati mwana ali ndi sedula, ndiponso ngati chaka cholembedwa pamenepo chikufanana ndi cha m'kaundula wa sukulu.