CHENJEZO: Osamalira anthu aulumali ku Rumphi, nenani msanga zikasintha pakhomo

Makolo, agogo ndi nonse amene mukusamalira munthu waulumali m'boma la Rumphi, kuchokera ku Hewe, Bolero ndi Mhuju mpaka kunyanja ku Chitimba ndi Mlowe: ngati mumalandira Mtukula Pakhomo ndipo pakhomo panu zinthu zasintha, kaneneni sabata yomwe ino.

Ndondomekoyi, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufika m'maboma onse mu 2018, imathandiza khomo lonse, osati munthu mmodzi. Amasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena alipo mmodzi koma akusenza anthu ambiri. Ndalama zake zimatengera kuchuluka kwa anthu pakhomo, ndipo ana a pasukulu amaonjezeredwa kangachepe. Choncho wolandira ndalama akamwalira, akapita ku Joni, mwana akabadwa, kapena mukasamukira mudzi wina, zolembedwa ku ofesi zimasiyana ndi zenizeni. Wovutika ndi uja sangathe kudziyendera yekha kukadandaula.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Olemba kalembera akafika, mabanja ena amatsekera mwana wolumala kuchipinda chifukwa cha manyazi. Mayi amene amam'sambitsa, kum'dyetsa phala ndi kum'bereka kupita kuchipatala amalembedwa ngati munthu womasuka wotha kukagwira ganyu m'minda ya fodya, pamene sangachoke pakhomo ngakhale theka la tsiku. Kenako dzina likapanda kutuluka, kulira. Chonde, mutulutseni mwanayo amuone, ndipo aonetseni buku lake la kuchipatala. Mtukula Pakhomo si wa muyaya: maina amaunikidwanso pakapita zaka, ndipo zomwe mwanena tsiku limenelo ndi zomwe zidzakuweruzeni.

Musabisenso maliro n'cholinga choti muzilandirabe m'dzina la malemu. Zikadziwika, mlandu wake udzagwera khomo lonse.

Chenjerani ndi akathyali oimba foni kuti dzina lanu lichotsedwa mukapanda kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Kulembetsa ndi kusintha dzina la wolandira n'kwaulere. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi bwana wa kuboma.

Yambirani ku komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu. Zikakanika, pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma la Rumphi, mutatenga chiphaso chaunzika chanu, cha amene mukumusamalirayo ngati ali nacho, ndi kalata ya amfumu.